Hilux yanu ikufuna mabuleki, osati matayala a thirakitala

Pali kachizolowezi kamene kakundinyansa pakati pa anzathu amene angoyamba kulandira malipiro n'kugula galimoto yakale yamphamvu, kaya ndi Hilux ya m'ma 1990, Pajero, Land Cruiser kapena Defender. Mwezi woyamba munthu wathamangira matayala akuluakulu. Mwezi wachiwiri galimoto yakwezedwa, kutsogolo kwamangidwa bampala yachitsulo, padenga pali mzere wa magetsi othobwa m'maso. Mumufunse kuti mafuta a mabuleki anasinthidwa liti, angokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Ine ndikuti zimenezi ndi zozondoka, ndipo amene adzavulale nazo mwina sadzakhala mwini galimoto, adzakhala wakabaza amene anali kutsogolo kwake pamtsetse.

Musandimve molakwa, kugula galimoto yakale ndi nzeru. Injini ya 1HZ ya mu Land Cruiser, ya dizilo ya malita 4.2 imene Toyota inayamba kupanga mu 1990, ilibe kompyuta yoilamulira. Chimodzimodzi 3L ya malita 2.8 ya mu Hilux yakale. Ikafa muli ku Rumphi kapena ku Nsanje, makaniko wa pansi pa mtengo aitsekula ndi masipanala ake, osadikira makina owerengera zolakwika ochokera ku Lilongwe. Ubwino wa galimotozi ndi umenewo: munthu wamba akhoza kuzimvetsa n'kumazisamala yekha Loweruka m'mawa. Ndiye n'zomvetsa chisoni kuona munthu wagula galimoto yotere koma sadziwa pamene pali fyuluta ya dizilo, chonsecho dzina la kampani iliyonse yopanga matayala a m'matope amalidziwa pamtima.

Tayala lalikulu limasintha zinthu zambiri zimene mwiniwake saziona. Ndi lolemera, choncho mabuleki omwe aja, opangidwira tayala laling'ono, amavutika kuliimitsa. Likakula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mita ya liwiro imanama: ikamaonetsa 80, inu mukuthamanga 88. Injini imakoka movutikira ndipo imamwa mafuta ambiri, m'dziko limene tonse tikudziwa kugona pamzere wa mafuta. Kukweza galimoto nakonso kumakweza kulemera kwake konse m'mwamba, ndipo galimoto yotalika sichedwa kugubuduzika mukakhotetsa mwadzidzidzi. Magazini ya ku Sweden ya Teknikens Värld inayesa Hilux yatsopano, yosakwezedwa n'komwe, pa mayeso ozemba chinthu pamsewu mu 2007 komanso mu 2016, ndipo maulendo onse awiri matayala a mbali imodzi ananyamuka. Nanga yanu ya zaka 30, ya masipuling'i otopa, mwaikweza kenako mwasanjika zigubu padenga, mukuganiza kuti idzatani mbuzi ikadzadumphira mu M1?

Ndikudziwa yankho lake: misewu yathu ndi yoipa, imafuna galimoto yokwera. Chabwino, tayang'anani maambulansi a Land Cruiser amene amafika kuzipatala za kumudzi dzinja lonse. Ambiri amayenda pa matayala opyapyala wamba, osakwezedwa, ndipo amafika. Chimene chimakhudza pansi mumsewu wa makwawa ndi difu, ndipo kukweza bodi sikukweza difu ngakhale pang'ono. Chimene chimakutulutsani m'matope nthawi zambiri ndi kuchepetsa mpweya m'matayala, kulowetsa giya yotsika musanalowe m'matopemo, khasu, chingwe cholimba ndi mnzanu wa galimoto ina.

Tiyeni tikambe za mabuleki, poti mtima wanga uli pamenepo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Mafuta a madzi amawira msanga. Tsopano taganizani kuti mukutsika msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, makona 20 okhota ngati chigongono, phompho lili pambali, phazi lili pabuleki njira yonse chifukwa palibe anakuuzani kuti potsika phiri injini ndiyo imagwira galimoto. Mabuleki atentha, mafuta awira, mwaponda ndipo phazi langolowa mpaka pansi. Pamenepo magetsi a padenga aja sakuthandizani kanthu. Botolo la mafuta atsopano ndi mnzanu wopopa buleki inu mukutulutsa mpweya, ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndi zimene zikanasintha nkhaniyo. Koma ntchito imeneyi sioneka pa Instagram.

Lamba woyendetsa mavavu ndi chimodzimodzi. Pa injini ngati 3L amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo padashibodi pali kanyali kokumbutsa. Anthu ena amangokazimitsa n'kupitiriza ulendo. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo ndalama zimene mukanagulira lamba mmodzi zimasanduka ndalama zokonzera injini yonse. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja ndi yowawa kugula. Wangomaliza kumene sukulu, ngongole ya boma ikumudikira, ndiye azisewera ndi injini chifukwa chofuna kuoneka?

Za chipaipi chopumira m'mwamba chija ndingonena mwachidule. Chimateteza injini kuti isamwe madzi, basi. Difu yotentha ikalowa mumtsinje wozizira imatha kukoka madzi, oyilo n'kusanduka woyera ngati mkaka. Amene anawoloka Loweruka ayenera kutsekula n'kuyang'ana Lamlungu, koma ambiri amakhala ali kotsukitsa bodi.

Ndipo pali anthu ena m'nkhaniyi amene sitiwatchula. Dambo limene gulu la magalimoto lasandutsa bwalo la masewera ndi dimba la munthu, kapena podyera ng'ombe zake. Msewu wafumbi umene matayala a mano aukumba mvula itagwa ndi womwewo umene mayi wodwala adzadutse pa njinga mawa. Ku Nyika, udzu wa pamwamba paja ukapondedwa mikwingwirima yake imakhalitsa, ndipo misewu yololedwa ilipo kale yokwanira kuyesa galimoto iliyonse. Wonena kuti ndalama ndi zake ndiye achite zimene akufuna akunena zoona pa za penti ndi wailesi. Mabuleki ake ndi nkhani ya tonse amene timayenda msewu umodzi ndi iye, ndipo satifiketi ya COF yomata pagalasi siitiuza kuti mafuta a mabulekiwo ndi a chaka chiti.