Cuma ca Ndola ticifune ku Masala

Andale akafika m'Kabushi, lonjezo limakhala lomwe lija: tidzatsegulanso mafakitale a Ndola. Ife timaomba m'manja, pakuti ambiri tinakula tikuona makolo athu akulawirira ku Dunlop ndi ku Colgate-Palmolive, mwezi ukatha malipiro ali m'thumba. Koma kodi masiku amenewo adzabweranso?

Boma la MMD litalowa mu 1991, linatsegula malire, katundu wochipa wa kunja anadzaza m'masitolo, ndipo mafakitale athu anatsekedwa imodzi-imodzi. Mgodi wa Bwana Mkubwa unaima mu 2010. Indeni, imene inayenga mafuta kucokera mu 1973, inaleka nchitoyo, ndipo mu 2023 paipi ya Tazama inayamba kubweretsa dizilo yoyenga kale. Zatsopano zabweradi: sitediyamu ya Levy Mwanawasa mu 2012, simenti ya Dangote ku Masaiti mu 2015, bwalo latsopano la ndeke mu 2021. Sitikuzinyoza ai. Koma fakitale ya lero imadalira makina kuposa manja, ndipo mnyamata wa ku Lubuto amene anamaliza giredi 12 amangoionera pa geti.

Pofuna kudziwa ngati mzinda ungakule, tiyenera kuwerenga zimene ulinazo kale. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 600,000 m'dera la Ndola, ndipo onsewa amadya tsiku ndi tsiku. Malire a Congo ali pafupi, pa Sakania, ndipo anzathu a kumeneko amagula unga, nkhuku, mazira ndi ndiwo zathu. Kumbuyo kwathu kuli minda ya Masaiti ndi Mpongwe. Nchito yokulitsa mseu wa Lusaka-Ndola inayamba mu 2024. Wolima, wogula ndi mseu, onse amakumana pamsika wa Masala, m'dera lathu lomwe lino. Amene anafikako m'bandakuca aona magalimoto a matimati, kabichi ndi anyezi, anyamata a mawilibala, azimai opikula. Kodi ndi fakitale iti m'Ndola imene imadyetsa mabanja oculuka cotere?

Vuto n'lakuti mlimi amafika ndi katundu wosacedwa kuola. Matimati akaculuka, ogula amangodikira dzuwa likwere, podziwa kuti mwini sangabwerere nao kumunda. Pofika masana bokosi lapita pa mtengo wosabweza ngakhale ya feteleza. Mlimi woteroyo caka camawa amacepetsa dimba, ndipo wa wilibala ndi wopikula yemwe amataya nao.

Nanga khonsolo? Tisaiwale kuti inaduka miyendo kalekale. Mu 1996 nyumba zake zinagulitsidwa kwa okhalamo. Tinakondwera, ndipo n'zomveka, koma lendi ija ndiyo inali kukonza miseu ndi ngalande. Mu 2000 nchito ya madzi inapita ku kampani ya Kafubu. Khonsolo inatsala ndi misonkho ya nyumba, malaisensi ndi ndalama za pamsika.

Cimene casintha ndi CDF. Mu 2021 dera lililonse la phungu linali kulandira K1.6 miliyoni, mu 2022 zinafika K25.7 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Mantha athu ndi akuti ndalamazi zizingogawidwa tizidutswa, wadi iliyonse kanthu kake, kuti khansala aliyense akhale ndi coonetsa. Madesiki ndi mabasale n'zofunika, sitikana. Komabe m'menemo mupezeke gawo la cinthu cobala ndalama: cipinda cozizira cosungiramo ndiwo ku Masala, shedi yoikamo katundu, ngalande ndi zimbudzi zokwanira. Cipindaco cikhale ca sola, pakuti cilala ca mu 2024 cinationetsa mmene magetsi a ku Kariba angasowere tsiku lathunthu. Mlimi akatha kusunga matimati masiku atatu, mtengo aziukambirana, osati kungouzidwa.

Lamulo la maboma aang'ono la mu 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'wadi iliyonse, ndipo zopempha za CDF zimayambira kumeneko. Misonkhano yake ndi ya tonse. Alimi ndi amalonda tipiteko, ndipo a khansala tikawafunse mwaulemu koma mosazungulira: khonsolo imatolera zingati pa Masala caka cimodzi, nanga zingati zimabwerera pamsikapo?