Tisanasonkhe ya seva ija, werengani mpaka pansi

Akuluakulu, amayi ndi anyamata anzanga a pagulu pano, ndakhala chete sabata yonse koma lero ndiyankhulako. Nkhani ndi ya msonkhemsonkhe uja, woti tigule kompyuta yakale, tiike m'nyumba mwa mnzathu wina, ikhale seva ya webusaiti yathu ya mitengo ya usipa. Akuti tisadyetse makampani, zathu zikhale pakhomo. Mawu okoma ndithu. Koma ndalama imene mayi anga apsera nayo dzuwa pathandala, ine sindiiponya m'nyanja.

Funso langa ndi limodzi: wogula wa ku Limbe akafuna kutsegula webusaitiyo, aipeza pa adiresi iti?

Mukukumbukira mmene makalata ankafikira kwathu kuno? Mudzi wonse bokosi limodzi, la kusukulu, ahedi n'kumagawa. Intaneti ya pa rauta ya SIM khadi nthawi zambiri imayenda choncho. Maadiresi akale, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo nkhokwe yake yaikulu inatha mu 2011. Ndiye makampani ambiri a foni amaunjika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, zimene amati CGNAT. Iwe ukapempha kanthu pa intaneti yankho limakupeza, chifukwa ahedi akudziwa kuti unalemba ndiwe. Koma mlendo akayamba yekha kukulembera, pa envelopu pamakhala nambala ya bokosi yokha, dzina palibe. Apatse ndani? Amangotaya. Seva ntchito yake n'kulandira alendo, ndiye yathuyo izingoyaka magetsi, osafikiridwa ndi munthu.

Wina wandilembera kuseri kuti iye adiresi ali nayo, 192.168.1.1. Achimwene, imeneyo ndi yam'kati, ili m'nyumba zosawerengeka padziko lonse. Zili ngati akufunse komwe umakhala iwe n'kuyankha kuti kuchipinda.

Tiyerekeze kuti adiresi yapezeka. Seva sigona, eti? Nanga magetsi akazima? Bandulo ikatha pakati pa usiku, nthawi imene mabwato akubwera? Kutentha kwa Okutobala m'nyumba ya malata? Nanga mwana akazula pulagi kuti atchaje foni? Ndipo tsiku limene mwini nyumbayo adzakangane ndi komiti, zolemba zathu zonse zili kuchipinda kwake, kiyi ali m'thumba mwake. Apa sindikunena munthu, ndikunena mmene anthu tilili.

Sindikuti kubwereka seva n'kopanda minga, ayi. Zambiri zakunja amalipiritsa madola mwezi ndi mwezi, ndipo za madola kuno mukuzidziwa nokha. Mukalephera kulipira amatseka. N'chifukwa chake ndikuti tiyambe tafunsa makampani a konkuno olandira makwacha, ndipo akaunti ilembedwe m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi. Amene akukakamirabe zapakhomo akafunse mtengo wa adiresi yakeyake yosasintha, static IP, awonjezere sola ndi batire, atibweretsere masamu. Asatiuzenso za "tunnel", poti nayo imadutsira pa seva ya eni ake omwe tikuti tikuwathawawo.

Loweruka pamsonkhano ndibwera ndi foni. Mwini rauta atsegule pamene palembedwa WAN, tonse tikuona. Nambala ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, adiresiyo si yake, ndipo K5,000 ya mayi anga ndibwerera nayo kunyumba.