Dzanja likaphonya pogawa, tichite chiyani?

Aliyense amene anakulira ku Tengani akudziwa mmene bawo imathera masiku ena. Dzuwa la m'chigwa likakula, abambo amakhala pamthunzi m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Bangula kupita ku boma la Nsanje. Masewero amayenda bwino mpaka wina atadumpha dzenje potakata, kapena kugwetsa nkhomo ziwiri m'dzenje limodzi. Mnzakeyo amakhala chete, n'kudzakumbukira zimenezi pokhapokha ataona kuti akudyedwa. Apo mawu amakwera, oonerera amagawikana, nkhomo n'kumwazikira m'fumbi.

Ife tikuti mikangano yotere siyamba chifukwa anthu ndi oipa mtima. Timadziwa malamulo a kaseweredwe, koma sitigwirizana zoti tidzachite dzanja likaphonya. Lamulo lopangidwa mkangano uli mkati aliyense amalikokera kwake.

Amene anaiganizira mozama nkhaniyi ndi oyendetsa mipikisano ya poker, masewero a makadi obetcherana. Tinene poyera kuti poker ndi njuga, ndipo mpingo wathu umakana njuga. Sitikuitanira munthu ku tebulo limenelo. Komabe poti kumeneko kulakwitsa kumodzi kwa wogawa makadi kumaluzitsa munthu ndalama zambiri, anakakamizika kulemba zonse mwatsatanetsatane. Mu 2001, Matt Savage, Linda Johnson, Jan Fisher ndi David Lamb anayambitsa ku America bungwe la Tournament Directors Association kuti mipikisano izitsata malamulo amodzi. M'malamulo awo muli zinthu zitatu zoti tingatolemo.

Choyamba, zolakwa sizifanana kukula. Khadi limodzi likatembenuzika mwangozi kugawa kuli mkatikati, wogawa amapitiriza. Khadilo amalionetsa kwa onse, mwini wake n'kumupatsa lina. Koma khadi loyamba likapita kwa munthu wolakwika, kapena wosewera wina akadumphidwa, makadi onse amabwezedwa, kusakanizidwa, n'kugawidwanso. Chaching'ono amangochikonza, chachikulu ndiye amayambiranso.

Chachiwiri, kudandaula kuli ndi nthawi yake. Anthu atatu akasewera motsatizana, kapena awiri koma mmodzi mwa iwo atabetcha, khomo lopempha kugawanso latsekeka. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu amene waona kale makadi ake ndi zimene anzake achita, akadandaula pa nthawi imeneyo, akungofuna kuthawa kuluza.

Chachitatu, woweruza amadziwika masewero asanayambe. Si wosewera, si wogawa. Ndi woyang'anira mpikisano, ndipo akagamula nkhani yatha. Lamulo lawo loyambirira limamuuza kuika patsogolo chilungamo ndi ubwino wa masewerowo.

Wina anena kuti kutseka khomo la madandaulo n'kuteteza wakuba: akangobisa chinyengo chake kwa mphindi imodzi, wapulumuka. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo malamulowo sanaiiwale. Pa makadi 52 aja pakapezeka awiri ofanana ndendende, masewero amaima ngakhale atapita patali, aliyense n'kubwezeredwa zake. Malire a nthawi ndi a kuphonya kwa dzanja basi. Pamene chida chenichenicho chili cholakwika, kapena munthu wabera dala, nkhani imakhala ina.

Pa bawo izi n'zosavuta. Maenje ndi 32, nkhomo ndi 64. Ziwerengedwe onse akuona masewero asanayambe. Wina akadumpha dzenje, mnzake anene asanagwire nkhomo zake, akangosewera, wavomereza. Nkhomo zikapezeka 63 kapena 65, ayambirenso. Ndipo mmodzi mwa akuluakulu oonerera atchulidwe kukhala woweruza dzenje loyamba lisanakhudzidwe.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, pakuti mphunzitsi ndi wogawa tsiku ndi tsiku: mapepala a mayeso, mabuku ochepa, nthawi yoyankhira mafunso. Taganizani mayeso a kumapeto kwa teremu m'kalasi la ana 80, pepala la mwana mmodzi n'kupezeka lopanda tsamba lachiwiri. Akanena atangolandira, timamupatsa lina ndi kumuonjezera mphindi zotayikazo. Ngati theka la kalasi lalandira mafunso a fomu ina, onse ayambirenso. Koma amene wangokhala chete mpaka malikisi atatuluka atiuze chifukwa chomveka. Kuti izi zikhale zachilungamo, tiyenera kuwauza ana mayeso asanayambe kuti awerenge masamba awo ndi kukweza dzanja msanga. Mwana wamanyazi, amene amaopa kuuza aphunzitsi kuti alakwitsa, sanganene pokhapokha titamutsegulira khomolo tokha. Ndipo poti wogawa sayenera kudziweruza yekha, nkhani ikavuta ipite kwa mphunzitsi wina amene anatchulidwa kale.

N'chimodzimodzinso pa mipikisano yathu ya mafunso a m'Baibulo ku AY ndi ku Pathfinder. Wofunsa akawerenga funso molakwika, kapena akapatsa gulu limodzi mafunso awiri motsatizana, kawirikawiri timayamba kukambirana malamulo pamene zigoli zadziwika kale. Ana amabwerera kwawo ataphunzira kuti wokuwa kwambiri ndiye amapambana.

Tikupempha atsogoleri a magulu pano pakoleji ndi m'mipingo yathu kuti mpikisano uliwonse uziyamba ndi mayankho a mafunso atatu, onenedwa pamaso pa onse: cholakwa chiti chingokonzedwa ndipo chiti chiyambitsenso masewero, kudandaula kuthera pati, ndipo woweruza ndani. Kunena zimenezi sikungatenge mphindi ziwiri.