Kompyuta ikachedwa, tisathamangire kunena seva

Mlungu wathawu ndinalowa m'chipinda cha makompyuta kuti ndisindikize ntchito imene aphunzitsi ankaifuna pofika 10 koloko. Nditalemba dzina ndi pasiwedi, ndinadikira mphindi 15 kompyuta isanatsegule. Mnzanga amene anakhala pafupi anati, "Seva iyi yakalamba, angogula ina." Ambirife timatero. Koma ine ndikuona kuti tikufulumira kuweruza, ndipo tikuiwala kuti ndalama yogulira seva yatsopanoyo idzachoka m'matumba mwa makolo athu omwe.

Nditakadandaula kwa bambo amene amayang'anira makompyutawo, anandionetsa kuti wolakwa ndinali ine. Pa netiweki ngati yathuyi, zimene munthu waika pa Desktop zimasungidwa pa seva, ndipo akalowa pa kompyuta ina zimayamba zakopedwa zonse kuchokera kumeneko. Ine ndinali nditaikapo mavidiyo okwana 4 GB. Pa waya wa 100 Mbps, katundu wotere amatenga mphindi zoposa 5 ngakhale uli wekha. Nanga tikalowa tonse nthawi imodzi m'mawa?

Zina zochedwetsa n'zazing'ono chimodzimodzi. Kompyuta imapeza seva pofunsa DNS, yomwe ili ngati buku la maadiresi. Wina akasintha n'kuikapo 8.8.8.8 ya Google pofuna kuti intaneti ithamange, kompyutayo imayamba kufunsa mlendo njira ya kwa agogo ake, ndipo imadikira yankho mpaka kutopa. Komanso wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi ya seva ndi mphindi zoposa 5, seva ya Windows imatha kukana kukulowetsani. Nthawi zambiri vuto limakhala kabatire kakang'ono ka m'kati kamene katha mphamvu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanadandaule, tiyambe tayesa. Ngati inu nokha mukuchedwa pa kompyuta iliyonse, onani zimene mwasunga. Ngati aliyense akuchedwa pa kompyuta imodzi yokha, onani waya wake ndi wotchi yake. Ngati tonse tikuchedwa paliponse, apo ndiye tiloze chala seva kapena switch. Sindikukana kuti makina amakalamba, koma seva yatsopano singachiritse waya wothyoka.

Kwa ife ophunzira zauphunzitsi, nkhaniyi ndi yaikulu. Mawa lino tidzatumizidwa kusukulu zimene kulibe katswiri wa makompyuta, ndipo zinthu zikadzaima, a hedi adzayang'ana ife. Tikadzangoti "gulani zatsopano" pamene sukulu ikusowa ngakhale choko, makompyutawo adzatsekeredwa m'chipinda n'kumadya fumbi, ana osawakhudza.

Choncho ndikupempha akuluakulu a koleji kuti atipatse ola limodzi pa temu loti tiphunzire zimenezi. Ife tichite mbali yathu lero lomwe: mavidiyo tiwasamutsire pa fulashi. Ine ndinatero, ndipo tsopano ndimalowa mphindi imodzi isanathe.