Chamba chikakhwima, tsiku lokolola sasankha mwini munda

Mvula yatsazika. Ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde chimanga chikuuma m'minda, fodya ali m'zigafa, ndipo pamisika ya m'malire nkhani ndi ya mitengo basi. Koma ilipo mbeu ina imene sitchulidwa pamsika. Imakambidwa monong'ona kuseri kwa nkhokwe, kapena pamowa dzuwa litalowa. Mbeuyo ndi chamba, chimene pa Chipwitikizi amachitcha suruma. M'miyezi ino ya Epulo ndi Meyi anyamata ena akufunsana funso limodzi: kodi chakhwima, kapena chidikire sabata ina?

Funsoli likumveka ngati la ulimi wamba. Koma aliyense wokhala m'midzi imeneyi akudziwa kuti wolima chamba sayankha yekha funso limeneli. Tsiku lokolola limasankhidwa ndi mantha, mtengo umasankhidwa ndi wogula, ndipo mlandu wonse umatsalira mwini munda ndi banja lake. N'chifukwa chake mbeu imeneyi siyenera kuwerengedwa ngati njira yotulukira mu umphawi, ngakhale ndalama zake zimveke zokoma chotani m'makutu.

Kudziwa kukhwima kwa mbeu ndi luso lalikulu, ndipo alimi a kuno ali nalo. Wolima fodya wa bale amayang'ana masamba a m'munsi. Akaona kuti ayamba kuchita chikasu ndipo akuthyoka mosavuta pa tsinde, amathyola amenewo okha, n'kusiya a pamwamba kuti adikire nthawi yawo. Amasoka, amapachika m'chigafa momwe mphepo ikudutsa, ndipo sathamangira kumanga mpaka mtsempha wa pakati pa tsamba utauma. Wolima chimanga amadikira makoko aume, chisononkho chiweramire pansi, njere ilimbe pa dzino. Wolima mbatata ya kachewere ku Tsangano amadikira masamba afote, ndipo amayesa khungu ndi chala. Likamasupuka amadziwa kuti nthawi sinakwane. Zonsezi zimachitika masana, dzuwa likuswa mtengo. Mnansi akamadutsa amaima n'kuperekapo maganizo. Mlangizi akabwera amalowa m'munda. Mlimi akalakwitsa chaka chino, chaka chamawa amakonza.

Za chamba n'zosiyana. Chimadzalidwa mobisa, pakati pa chimanga, m'mphepete mwa mtsinje kapena kuphiri kumene anthu safikako kawirikawiri. Mvula ili mkati chimanga chimachiphimba, mwini wake n'kumagona tulo. Koma chimanga chikayamba kuuma, chamba chimatsala chobiriwira, choonekera patali, ndipo fungo lake limanka likula pamene chikukhwima. Nthawi imene mbeuyo ikufuna kudikiridwa ndi nthawi yomweyo imene singabisikenso. Mwana woweta ng'ombe waiona. Mayi wotola nkhuni wamva fungo. Mnansi amene anakangana ndi mwini munda za malire chaka chatha wadziwa. Zikatere mlimi sayang'ananso mbeu, amayang'ana msewu. Akangomva kuti galimoto ya apolisi yaoneka ku posto, kapena kuti munda wa uje autentha kutsidya kwa mtsinje, usiku womwewo amatenga chikwanje n'kukadula, kaya chakhwima kaya sichinakhwime. Wina amadula msanga poopa akuba, pakuti wobedwa chamba alibe kokadandaula. Ntchito ya dzinja lonse imathera mu usiku umodzi wa phuma.

Kuyanika nakonso kuli ndi zake. Fodya amapachikidwa poyera, chimanga chimaima m'mikukwe pamunda, nyemba zimayanikidwa pabwalo. Chamba sichingaone bwalo. Chimalowa m'nyumba, kudenga, kukhitchini, m'chipinda chomwe ana amagona. M'nyumba yotseka chimachita chuku, ndipo wogula amachikana kapena kuchigula pamtengo wachipongwe. Fungo limalowa m'zovala za ana a sukulu. Kuyambira tsiku limenelo mlandu wachoka kumunda, wafika pakhomo. Apolisi akabwera kudzachita chipikisheni, nthawi zina mwini mbeu amakhala atathawira kutsidya kwa malire. Amene amapezeka ndi mkazi wake, kapena mayi ake okalamba, anthu amene sanafunsidwe n'komwe pa tsiku lodzala.

Kenaka pamabwera wogula, pa njinga yamoto, munthu amene dzina lake lenileni palibe akulidziwa. Iyeyu amadziwa chinthu chimodzi, kuti mlimi sangasunge katunduyo nthawi yaitali. Wa chimanga akakana mtengo amabweza thumba lake m'nkhokwe n'kudikira Disembala. Wa fodya akaona kuti giredi yamuchepera amakangana ndi wogula pamaso pa anthu, ndipo amatuluka ndi pepala m'manja. Madandaulo a alimi a fodya pa magiredi ndi pa ngongole za feteleza ndi enieni, koma ali ndi pokambira. Wa chamba alibe pepala, alibe mboni. Wogula akati, "Achimwene, landirani theka, zotsalazo ndikabwera ulendo wina," palibe chochita. Nanga akapanda kubwera, mlanduwo upita kwa yani? Kwa nyakwawa? Kwa regulo? Kubwalo la milandu la m'mudzi? Wodandaulayo ndiye angayambe kumangidwa. Ndalama zenizeni za chamba zimapangidwa kutali, katundu ataoloka Zambezi pa Tete, atadutsa pa Cuchamano kulowa Zimbabwe, mpaka ku Joni. Amene amadya phindulo sanagwirepo khasu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za lamulo ziyenera kunenedwa momveka, chifukwa ambiri amazimva m'mphekesera. M'dziko la Moçambique lamulo la nambala 3/97, la pa 13 Malichi 1997, linaletsa kulima, kusunga, kunyamula, kugulitsa ndi kusuta chamba. Kulima kokha ndi mlandu kale, ngakhale mitengo ikhale yochepa kuseri kwa nyumba. Koma mlimi akadula, n'kuyanika, n'kulongedza m'matumba kuti agulitse, walowa m'gulu la ochita malonda a mankhwala ozunguza bongo, ndipo chilango chimene lamulolo linaika kwa amenewa chikhoza kufika zaka 16 mpaka 20 m'ndende. Ndiye kuti tsiku lokolola, limene kwa mlimi wa chimanga ndi lachimwemwe, kwa wolima chamba ndi tsiku limene mlandu wake umakula. Bambo akhoza kulowa m'ndende mwana ali kumbuyo, n'kudzatuluka mwanayo ali ndi banja lake.

Chimene chasokoneza anthu ambiri ndi nkhani yochokera ku Malawi. M'midzi ya m'malire anthu amamvera mawailesi a ku Malawi, amagula ndi kugulitsa pa Lizulu ndi pa Dedza, ali ndi abale tsidya lino ndi tsidya ilo, ndipo kwacha ndi metikali zimayendera limodzi m'thumba. Choncho pamene nyumba ya malamulo ya ku Malawi inavomereza lamulo la chamba mu Febuluwale 2020, mau anafika kuno akuti "chamba achilola." Mauwo anafika oduka. Chimene anavomereza ndi kulima chamba cha mankhwala a m'chipatala ndi cha m'mafakitale, chopangira zinthu monga zingwe, nsalu ndi mafuta, ndipo wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Pamene mitengo ya ziphasozo inalengezedwa mu 2020, chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinali pa madola 10,000 a ku America. Ndi mlimi uti wa khasu la m'manja angapeze ndalama zotere? Kusuta sikunaloledwe, ndipo apolisi a ku Malawi anapitiriza kugwira onyamula chamba m'misewu.

Maiko ena oyandikana nawo anatsata njira yofanana. Zimbabwe mu 2018 ndi Zambia mu 2021 anatsegula khomo la ziphaso lokha. Ku South Africa khoti loona za malamulo a dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chake kunyumba kwake, koma kugulitsa silinalole. Ndipo ngakhale maiko onsewa akanalola zonse, lamulo la dziko lina limathera pa Calómuè, pa Biri-Biri, pa Zóbuè ndi pa Cassacatiza. Munda wa ku Dómuè umaweruzidwa ndi lamulo la ku Maputo.

Ena anena kuti wokhuta salephera kulangiza wanjala. Mau awo ali ndi nzeru ndipo sayenera kunyozedwa. Nthawi yokolola mtengo wa chimanga umagwa, mavenda amagula motchipa n'kudzagulitsanso kwa mlimi yemweyo mu Januwale pamtengo wokwera. Feteleza ndi wodula. Misewu ina ya kumidzi mvula ikagwa galimoto sizifika, mbatata n'kuolera m'mbali mwa msewu, pamene thumba la chamba ndi lopepuka, limakwera njinga. Ndiponso chamba si chachilendo kuno. Makolo ena ankakhala ndi mtengo umodzi kapena iwiri, nkhalamba zokha n'kumasuta. Mabanja ambiri a m'maboma ano anabwerera kuchokera ku Malawi ali chimanjamanja nkhondo itatha mu 1992, ndipo akudziwa kuti njala siyembekeza. Zonsezi n'zoona. Koma umphawi womwewo ndi umene umakulitsa ngoziyi. Wolemera akagwidwa amalemba loya. Wosauka akagwidwa banja limagulitsa ng'ombe, njinga ndi malata, munda umagona chaka chonse, ana amasiya sukulu. Mbeu imene ingathe kumeza chuma chonse cha pakhomo m'tsiku limodzi siyenera munthu amene alibe pogwira pena.

Palinso chotsala chija chimene wogula wachikana. Sichitayidwa ayi. Chimathera m'mudzi momwemo, m'manja mwa anyamata amene sanamere ndevu. Madokotala akhala akuchenjeza kuti kusuta chamba kwambiri munthu akadali wamng'ono kumaononga kuganiza ndi kukumbukira, ndipo kwa ena kumadzutsa matenda a misala. Wolima amaganiza kuti akugulitsa kwa alendo a kutali, osadziwa kuti woyamba kusuta ndi mphwake, mwana wa mlongo wake.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Kutentha minda ndi kujambula matumba pa polisi sikokwanira ngati wogula wa pa njinga yamoto ndi mwini lole akuyendabe momasuka. Lamulo lifotokozedwe m'Chinyanja pa wailesi ya ku Tete ndi pa mawailesi a m'maboma, mafumu ndi aphunzitsi alimve bwino, kuti munthu asadzalowe m'ndende chifukwa cha nkhani ya pamowa. Misewu yopita kumene kumachokera mbatata, nyemba, soya ndi tirigu ikonzedwe, ndipo pamisika pakhale masikelo oona, pakuti mlimi amene akupeza mtengo wabwino wa nyemba alibe chifukwa chokwerera phiri usiku. Ndipo ngati tsiku lina aphungu a ku Assembleia da República adzafuna kukambirana za ziphaso monga anachitira maiko ena, adzakambe poyera, alimi ang'onoang'ono ndi mabungwe awo ali pomwepo, kuti zisadzakhale za makampani okha. Kufikira tsiku limenelo lamulo ndi lomwe lilipoli.

Koma boma lili kutali, ndipo mudzi uli pafupi. Mfumu imadziwa munda uliwonse wa m'dera lake. Malume amadziwa kumene mphwawo amapita m'bandakucha. Mayi wa pakhomo amadziwa chimene chapachikidwa kudenga, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana kuti chilowe m'nyumba imene iye ndi ana ake amagonamo. Anthu amenewa akalankhula mbeu isanadzalidwe, amapulumutsa banja. Akakhala chete poopa kudana, adzalankhula mochedwa, atanyamula chakudya kupita nacho kundende. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono amene ali ndi mitengo imeneyi m'munda lero, ndipo akuwerenga masiku kuti adule liti, awerengenso ana ake, ng'ombe zake ndi zaka zimene lamulo latchula. Akazula lero wataya thukuta la chaka chimodzi. Mvula ikadzagwanso mu Novembala, mizere yomweyo ikhoza kulandira nyemba kapena soya, mbeu zimene adzakolole masana, anansi akumuthandiza, pa tsiku limene adzasankhe yekha.