Njinga ku Maitland: Voortrekker si msewu wa kumudzi

Abale, kwathu tinazolowera kupalasa njinga m'misewu yafumbi, yopanda magalimoto ambiri. Kuno ku Maitland n'kosiyana. Ambirife tagula njinga kuti tipulumutse ndalama ya taxi, koma mu Voortrekker Road mathiraki ndi mataxi amalimbirana malo, wanjinga saoneka n'komwe.

Ife tikuti bola kuzungulira. Wopita ku Milnerton kapena Table View adzere kanjira ka njinga kotsata mabasi a MyCiTi kuyambira ku Paarden Eiland. Kukada, muziyenda awiriawiri.

Nanunso madalaivala, lamulo la Western Cape la 2013 limati podutsa wanjinga muzisiya mpata wa mita imodzi. Kutumiza maliro kumudzi n'kodula kuposa mphindi zochepa zomwe mungataye podikira.