Banki, tiuzeni mtengo tisanadine batani

Palibe munthu wa mutu wake amene angagule thumba la chimanga kwa venda wonena kuti, "Nyamulani kaye, mtengo ndikuuzani mkucha mukabwerako kuchigayo." Tingamuseke, mwinanso kumuitanira apolisi. Koma umu ndi momwe mabanki athu amatigulitsira ndalama zakunja tikamatapa pa ATM kunja kwa dziko. Ndipo ife amene timadzitcha ophunzira, ena mwa ife tikukhalira mabuku a zachuma usiku wonse, timangoti zikomo n'kupinda risiti.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti iyi ndi nkhani ya mabwana okwera ndege. Si choncho ayi. Pitani pa boda ya Songwe m'mamawa mukaone amayi opita kukaoda katundu ku Kariakoo, kapena pa Mwanza mukaone momwe mabasi a ku Joni amadzadzira. M'menemo muli anzathu amene anamaliza maphunziro chaka chatha, ntchito sinapezeke, ayamba geni ya nsapato ndi mafoni. Muli opita kukadwazika m'bale. Muli wophunzira amene wapeza mwayi wa msonkhano wa masiku anayi ku Lusaka ndipo wauzidwa kuti ndalama zoyendera adzam'bwezera akabwerako. Anthu amenewa sadalira khadi chifukwa cha matama. Amaidalira chifukwa pa kauntala anawauza kuti forex palibe, komanso chifukwa kutsika pa Park Station ndi mpukutu wa ndalama m'sokosi n'kudziitanira tsoka.

Tiyeni tiitsate ndalamayo. Mwaima pa ATM ku Johannesburg, mwapempha R1,000. Mu akaunti mwanu mulibe randi ngakhale imodzi, muli makwacha okhaokha. Woyamba kudyapo akhoza kukhala mwini ATM, chifukwa mabanki ambiri amalipiritsa khadi yachilendo. Ameneyu ali ndi kaulemu pang'ono, popeza kawirikawiri amalemba pa sikirini kuti akudulani zingati, ndipo mutha kukana n'kukayesa makina ena. Kuchoka apo Visa kapena Mastercard imasintha marandiwo pa mtengo wake, nthawi zambiri kupita ku dola, chifukwa ndi m'madola momwe mabanki a mayiko ngati lathu amalipirirana ndi makampaniwa. Kenako banki yanu yakuno imasintha madolawo kukhala makwacha pa mtengo wake wogulitsira, umene umakhala wokwera kuposa wogulira, ndipo ikhoza kuonjezerapo peresenti yake. Pamwamba pake pali ndalama yodula chifukwa chakuti mwatapira kunja. Pamwamba pa yodulayo pali VAT, msonkho umene boma linayamba kutolera pa zolipiritsa za mabanki mu 2021. Manja anayi kapena asanu apisa m'mbale imodzi, koma uthenga wobwera pafoni ukungokuuzani kuti mu akaunti mwachoka ndalama zakuti. Ndani watenga zingati, dola mwaigula pa mtengo wanji, zimenezo mukafufuze nokha.

Chomvetsa manyazi kwambiri chili ku Chipata. Kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Mchinji ndi ulendo wa maola ochepa, tikafika timalankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo ndalama zawo ndi kwacha monganso zathu. Koma mukalowetsa khadi pa ATM ya kumeneko, kwacha yanu imayamba yasanduka dola isanasanduke kwacha ya ku Zambia, ndipo kusanduka kulikonse kumasiyira wina kanthu.

Ndiye pali ndalama yodula ija, imene nthawi zambiri ili ndi gawo losasintha, kaya mwatapa zambiri kaya zochepa. Tingoyerekeza kuti ndi K8,000 pa kutapa kulikonse. Bwana amene watapa ndalama zofanana ndi K500,000 nthawi imodzi walipira 1.6 peresenti. Wophunzira amene watapa zofanana ndi K50,000, chifukwa ndi zomwe mayi ake akwanitsa kumuikira sabata imeneyo, walipira 16 peresenti. Makina ndi omwewo, waya ndi yemweyo, ntchito imene banki yagwira ndi yofanana. Wosauka ndi amene walipira yodula yokwera kakhumi pa randi iliyonse. Malangizo amene timapatsana akuti tapani zambiri kamodzi ndi oona, koma ndi malangizo a munthu amene ali nazo zambirizo.

China chimene ambiri sitiuzidwa n'chakuti mtengo wosinthira umene umagwira ntchito suyenera kukhala wa mphindi imene mwadina batani. Ukhoza kukhala wa tsiku limene makampani a makhadi ndi banki amaliza kuwerengerana, mwina mawa lake, mwina patapita masiku angapo ngati pakati pali Loweruka ndi Lamlungu. M'dziko limene ndalama yake imangogwedezeka pang'ono, zimenezi n'zazing'ono. Kuno ayi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'tsiku limodzi. Munthu amene ali paulendo m'sabata yotere amagona ali ndi ndalama za masiku khumi n'kudzuka ali ndi za sabata imodzi, ndipo sangadziwe ngati zomwe anatapa dzulo ziwerengedwa pa mtengo wakale kapena watsopano.

Tsopano ndifike pa yankho limene ndikudziwa kuti likubwera, ndipo ndi lamphamvu. Wina anena kuti, ukulira chiyani iwe? Kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa dola wovomerezeka unakhala pa K1,751, pomwe mu 2025 kwa osintha ndalama a m'misewu unkadutsa K4,000. Ngati khadi yako yakupatsa randi pa mtengo woyandikira wa kubanki, ngakhale akudule 10 peresenti kapena 20, wapindulabe kwambiri kuposa mnzako amene wagula kwa anyamata a pa boda. Khala chete, thokoza.

Masamu ake ndi oona, sindiwakana. Chimene ndikukana ndi mawu omalizawo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi kwatisandutsa opempha m'malo mokhala makasitomala. Kasitomala amafunsa mtengo, amayerekeza banki iyi ndi iyo, akaona kuti akumudyera masuku pamutu amasamuka. Wopempha safunsa. Akaona makina atulutsa ndalama amapuma mozama ngati wakhoza mayeso, ndipo ngakhale atamudula kawiri molakwika sabwerera kukadandaula, kuopa kuoneka wosayamika. Malo amene anthu safunsa ndi malo abwino kwambiri okwezerapo mitengo mwakachetechete. Ndipo kusowa kwa forex sikudzakhala kwamuyaya, koma chizolowezi chosatiuza mtengo chidzatsala ngati sitichitsutsa lero.

Komanso mwayi wa mtengo wotsikawo sufikira aliyense mofanana. Popeza dola ya kubanki ndi yotchipa kuposa ya panja, aliyense akuifuna, ndipo mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi ingatape kapena kulipira kunja. Sindikutsutsa zoika malire. Banki singagulitse madola amene ilibe, ndipo tonse tikudziwa kuti alipo anthu amene angatape kunja n'kubwera kudzagulitsa mumsewu pa mtengo wowirikiza. Chimene ndikutsutsa ndi momwe munthu wamba amadziwira za malirewo. Amadziwira pa ATM ku Dar es Salaam, makina atakana, m'mbuyo mwake muli mzere wa anthu, foni ilibe netiweki yakwathu. Uthenga wa pa sikirini sunena kuti wafika pa malire, kapena kuti khadi yako sinatsegulidwe kuti igwire kunja, kapena kuti banki yatseka kaye zonse. Umangoti zakanika. Ayesanso makina ena, mwina adulidwanso chifukwa chofunsa ndalama zotsala. Ine banki yanga imanditumizira mauthenga otsatsa ngongole ndi mipikisano mosatopa, ngakhale tsiku langa lobadwa imalikumbuka. Foni yanga ikuidziwa bwino. Kodi chimaletsa n'chiyani kutumiza mzere umodzi wonena kuti kuyambira Lolemba malire a kunja ndi akuti? Ndipo onani kulumikizana kwake: malire a tsiku akakhala ochepa, munthu amakakamizika kutapa kangapo, ndipo kutapa kulikonse kuli ndi yodula yake. Kusowa kwa forex kumene banki ikudandaula nako kukuibweretseranso ndalama.

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso imene imatipweteka tonse, ngakhale ife amene pasipoti sitinaigwirepo. Mlongo wanu amene akugwira ntchito ku Leeds kapena ku Cape Town akabwera kutchuthi, kwa iye kunja ndi kuno. Akalowetsa khadi yake pa ATM ya ku Limbe amapatsidwa makwacha pa mtengo wovomerezeka, banki yake ya kumeneko n'kumudulanso. Amayesa kamodzi, amawerengera, sabwerezanso. Ulendo wotsatira amabwera ndi mapaundi m'thumba ndipo mukudziwa kumene amakasintha. Ndalama imeneyo siidutsa kubanki, choncho siingagulitsidwe kwa mayi wa ku Kariakoo uja. Apa mlandu si wa mabanki a malonda okha. Mtengo wovomerezeka umayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo malinga ngati pali mitengo iwiri yotalikirana chonchi, khadi idzakhala chitseko chopapatiza chimene ochepa amadutsapo.

Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha anzathu amene ali pa sikolashipu kunja ndipo ali ndi makhadi a mapaundi, marandi kapena madola. Mukapita dziko lina, ATM kapena kamakina ka m'sitolo kakhoza kukufunsani mwaulemu ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya khadi yanu m'malo mwa ndalama ya dziko limene muli. Amazitcha Dynamic Currency Conversion. Zimaoneka ngati chithandizo chifukwa mukuona nambala imene mukuizolowera, koma mukavomera ndiye kuti mwalola mwini makinawo kusankha mtengo wosinthira, ndipo kawirikawiri amasankha womukomera iye kuposa wa Visa kapena Mastercard. Sankhani ndalama ya dziko limene mwaimamo.

Mabanki adzayankha kuti mitengo yawo sabisa, ili pa mndandanda umene amaupachika m'nthambi zawo ndi pa intaneti. Inde ulipo. Ndi masamba a timalemba ting'onoting'ono, m'Chingerezi cha maloya, ndipo ngakhale mutaupeza mzere wa kutapa kunja, sukuuzani chinthu chachikulu, chimene ndi mtengo wa dola umene adzagwiritse ntchito pa inu. Kupachika pepala pakhoma ku Lilongwe si kuuza munthu amene waima pa ATM ku Tete. Visa ndi Mastercard ali ndi zowerengera pa masamba awo a pa intaneti, pomwe aliyense angaone mtengo wawo wa tsikulo. Ngati makampani amene akutumikira dziko lonse lapansi angathe kuonetsa gawo lawo, banki imene ili ndi pulogalamu ya pafoni yotha kugula magetsi pakati pa usiku singalephere kuonetsa lake.

Ndipo zimenezi si maloto. Mu 2019 European Union inakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2020, lokakamiza mabanki ndi eni ma ATM kuonetsa ndalama zonse za kusintha ngati peresenti imodzi yoonjezera pamwamba pa mtengo wa European Central Bank. Lamulolo silinaletse aliyense kupanga phindu. Linangoti munthu aone phindulo asanavomere, m'njira yoti atha kuyerekeza banki iyi ndi inzake. Kuno tili ndi amene angachite zofananazo. Pansi pa Financial Services Act ya 2010, gavanala wa Reserve Bank ndiyenso Registrar of Financial Institutions, ndipo kuteteza anthu ogwiritsa ntchito mabanki ndi gawo la udindo umenewo. Tilinso ndi Competition and Fair Trading Commission. Lamulo loti uthenga wa pafoni uzionetsa marandi amene mwatapa, mtengo wosinthira, yodula ya banki ndi VAT, chilichonse pachokha, silifuna dola ngakhale imodzi ya m'nkhokwe za dziko. Lamulo loti malire a khadi asasinthe kasitomala asanauzidwe silifunanso forex. Pa zinthu ziwirizi palibe amene angabisale kumbuyo kwa mavuto a zachuma.

Podikira zimenezo, amene mukukonzekera ulendo pitani kubanki kwanu musananyamuke, mukafunse kuti khadi yanu ndi yotsegula kunja kapena ayi, malire a tsiku ndi a mwezi ndi angati, amadula zingati pa kutapa kulikonse, ndipo amaonjezera peresenti yanji pa mtengo wa dola. Auzeni akulembereni. Mukabwerako itanitsani sitetimenti, gawani makwacha amene achoka ndi marandi kapena mashilingi amene munagwira m'manja, muone mtengo weniweni umene munagulira. Ukasiyana ndi zomwe anakulemberani, kalembeni dandaulo, ndipo akapanda kuyankha lipititseni kwa Registrar. Manambala amenewo nditumizireninso ine, opanda dzina lanu kapena nambala ya akaunti. Ndikufuna tiwaike pamodzi pa tsamba lino, banki ndi banki, kuti mnzathu wokwera basi ya ku Joni mwezi wamawa adziwe khadi yoti anyamule.